Malole Amene Sanawaone

Lachisanu lapitali shehe anaimirira mumzikiti n'kubweza mawu awo, koyamba pa moyo wawo. Anawachititsa ndi mwana wawo womaliza.

Mnyamatayo anakulira m'nyumba yabwino, ya mabuku ndi mapemphero, koma ulesi unamulowa m'mafupa. Ntchito yomukomera inabwera ndi mnzake wina wokonda tayi: kugulitsa sukuk, ziphaso zosonyeza kuti wogula ali ndi gawo pa malole a kampani inayake.

"Madala akowo akangonena kuti n'zololedwa, basi," anatero mnzakeyo. "Anthu azibwera okha, iwe uli gone."

Shehe anamvetsera nkhaniyo akupukuta magalasi.

"Ngati malolewo alipodi, ndipo phindu ndi kuluza mukugawana, Chisilamu sichiletsa. Koma phindu lolonjezeratu popanda katundu ndi riba, katapira wovala mkanjo. Pita ukawaone. Ukagwire matayala ndi dzanja lako."

"Bambo, zithunzi zili pafoni apa."

"Ndati matayala! Miyendoyi ikanakhala yabwino, ndikanatuma iwe?"

Mnyamatayo anatulukadi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Anakhotera kometera tsitsi, anaonera mpira mpaka kutha, n'kubwerera akupukutira manja pathalauza.

"Ndawaona. Oyera, atsopano."

"Nsapato zopanda fumbi chonchi?" anafunsa mayi ake.

"Amayi, kumeneko n'kwa phula."

Shehe zinawavuta kumuyesa wabodza mwana wobereka okha. Analengeza kuti ziphasozo n'zololedwa, ndipo matelala, aphunzitsi ndi amayi amasiye anagula chifukwa shehe anena.

Phindu litasiya kubwera, telala wina anapita yekha kumaloko. Anapeza mpanda ndi udzu wofika m'chiuno. Foni ya watayi uja inali yozima.

"Unapita?" shehe anamufunsa mwanayo pabalaza.

"Anandinamiza, bambo, nanenso…"

"Za wakubayo zisiye, ntchito yake waigwira. Iweyo, unapita?"

"Kunali kutali."

"Kutali! Ukanangonena kuti watopa, ndikanakwawa ndekha!"

Mnyamatayo analira, ndipo mwina analiradi zenizeni. Sanakonze zobera munthu, ndipo sitimunamizira. Anangochita ulesi masana amodzi, n'kuuphimba ndi bodza. Wachinyamata aliyense adziwe: ukatumidwa kukaona chinthu, kachione, ukalephera, nena kuti sunachione. Pali anthu amene adzaika moyo wawo pa mawu akowo.

Shehe akupempheretsabe. Koma masiku ano akanena kuti chinthu n'chololedwa, anthu amathokoza mwaulemu, kenako amakafunsa kwina.