Madigadi a Kumbuyo

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi Mphepo akuima pa mphambano ya pafupi ndi thanki ya madzi, mwendo umodzi pansi, wina pa pedulo, kudikira munthu amene sankabwera. Mvula inali italeka m'bandakucha, ndipo msewu unkanyezimira ngati waupaka mafuta. Anthu opita kuntchito ankamudutsa, ena pa njinga, ena wapansi atapinda mathalauza. Mtsikana wa jekete lofiira yekha ndiye sanaoneke.

Dzina loti Mphepo anamupatsa ndi anzake kusukulu chifukwa cha liwiro lake pa njinga. Koma anzakewo tsopano anali atabalalika. Chilembereni mayeso omaliza a kusekondale, wina anapita kukathandiza amalume ake mu golosale, wina anakalowa usilikali, wina anangosiya kuyankha mauthenga. Iye anatsala pakhomo ndi mlongo wake wamkulu, namwino amene ankachoka kusanache n'kubwera atatopa moti nthawi zina ankagona pa mpando nsapato zili kuphazi. Masana onse nyumba inkangoti zii, kumangomveka wotchi ya pakhoma ndi mpopi wodontha wa kukhitchini.

Chomwe chinkamutulutsa panja inali njinga imene achimwene ake anamusiyira popita kukagwira ntchito kutali. Inali njinga yampikisano, ya matayala oonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, yopepuka moti ankainyamula ndi dzanja limodzi. Inalibe kaliyala, inalibe belu, inalibe madigadi. Mphepo ankaikonda choncho, yopanda chilichonse cholendewera.

Mtsikana uja anakumana naye milungu itatu m'mbuyomo. Ankapalasa njinga yakuda yolemera, kupita kuseri kwa msika kumene ankaphunzira kusoka. Tsiku loyamba anangopatsana moni. Lachiwiri kunali chimphepo chochokera kutsogolo, ndipo pokwera chitunda mtsikanayo anakuwa kuti, "Achimwene, musathamange! Ndibisaleko kumbuyo kwanuko, mphepoyi yandithera mphamvu." Kuyambira pamenepo ankayenda chomwecho m'mawa uliwonse, iye kutsogolo, mtsikanayo kumbuyo, tayala pafupi ndi tayala. Sankayankhulana zambiri. Koma Mphepo akamva tcheni cha njinga yakudayo chikulira kumbuyo kwake, ankaona ngati dziko lonse lamulonjera. M'mutu mwake anali atamanga kale nyumba ya mazenera akuluakulu, njinga ziwiri zitatsamira khoma la pakhonde.

Kenako mvula inagwa. M'mawa wake Mphepo anapalasa mokondwa kuposa masiku onse, kumadula zithaphwi pakatikati kuti mtsikanayo aone kuti iye madzi sawaopa. Atafika popatukira kumsika anangokweza dzanja osacheuka, monga ankachitira nthawi zonse. Mawa lake mtsikanayo sanabwere. Mkuja wakenso ayi.

Pofika tsiku lachisanu ndi chinayili, Mphepo anali atapeka kale zifukwa zambirimbiri. Mwina wadwala. Mwina asamuka. Mwina pali mnyamata wa galimoto amene akumamunyamula, wa tsitsi lometa bwino ndi wotchi yonyezimira. Mnyamata ameneyo Mphepo anali asanamuonepo, koma ankadana naye kale kwambiri. Anali atalembanso kalata ya masamba atatu, yodzaza ndi mwezi, nyenyezi ndi mtima wosweka.

Madzulo a tsikulo mlongo wake anamupeza atakhala pa sitepe ya kukhonde, chibwano m'manja.

"Iwe, nkhope yagwa chonchi bwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe, asisi."

"Palibe? Ndiye mlonda wa thanki ya madzi uja amene anzanga akumamuona m'mawa uliwonse ndi ndani? Akulemba ntchito kumeneko?" Anavula nsapato n'kukhala pambali pake. "Mtsikana, eti?"

Mphepo anangoyang'ana pansi.

"Tamvera, mwana wa amayi. Odwala anga akafuna kudziwa chikuwapweteka, sakhala panja pa chipatala n'kumalota. Amalowa n'kufunsa. Kumene amakhala masana ukukudziwa?"

"Amaphunzira kusoka kuseri kwa msika."

"Ndiye miyendo yakoyo ndi ya chiyani? Komanso usanapite usambe, ukununkha girisi."

Mawa lake anapitadi, kalata ili m'thumba la malaya. Shopu ya telala inali kachipinda kopapatiza ka makina atatu. Pansi panali mbwee tizidutswa ta nsalu, pakhoma pali ulusi wa mitundumitundu ndi madiresi odikira eni ake. Mayi wina wonenepa, tepi yoyezera ili m'khosi, ankadula nsalu pa tebulo. Pa makina a pakona panali mtsikana uja, jekete lofiira litapachikidwa pa msomali kumbuyo kwake. Atamuona, phazi lake linaima pa chopondera.

"Takulandirani, bambo," anatero mayiwo. "Tikusokereni chiyani?"

"Ayi, amayi, ndimafuna ndingoonana ndi chemwaliwa."

Mayiwo anasuzumira panja, kuona njinga itatsamira chitseko, n'kuphulika kuseka. "Abale inu! Ndi ameneyu? Mwini wake wa thirakitala uja ndi ameneyu?"

Mphepo sanamvetse. Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Ndimakudikirani pa thanki paja masiku onsewa. Ndimayesa mwadwala."

"Ndili bwinobwino. Ndikumadzera msewu wa kusukulu ya pulayimale."

"Koma umenewo ndi wozungulira."

"Ndi wozunguliradi. Koma ndimafika ndili munthu."

Mtsikanayo anawerama, kutulutsa jumbo kunsi kwa makina, n'kutambasula bulauzi yoyera pa tebulo. Kuyambira pa kolala mpaka m'munsi munali mzere wa madontho a bii, osakanikirana ndi mafuta a mumsewu.

"Iyi ndi bulauzi yoyamba kusoka ndekha, kuyambira kudula mpaka mabatani. Tsiku lija ndinaivala kuti ndidzawaonetse amayiwa. Ndaichapa katatu, sizikuchoka. Tayala lanu lija limaponya matope ngati fosholo. Ena analowa m'maso, ena m'kamwa. Ndinafika pano ndikutafuna mchenga."

"Anthu mumsikamu anayesa wagwera m'ngalande," anawonjezera mayiwo, akupukuta misozi ya kuseka.

Makutu a Mphepo anatentha. "Koma bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuwa katatu konse. Inu mumacheuka?"

Mphepo anafuna kupepesa, koma mawu onse okoma amene anali nawo anali m'kalata muja, ndipo m'kalatamo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lonena za matope. Anangoti, "Pepani," motsitsa, n'kutuluka. Makina a pakona anayambanso kulira asanakwere n'komwe njinga.

Kunyumba anafikira kugwada pansi n'kukoka katoni ya achimwene ake kunsi kwa bedi. Munali machubu akale, pampu, ndi jumbo imene anaionapo kale n'kuikankhira pambali. M'jumbomo munali madigadi awiri apulasitiki, akuda, oonda. Njinga zampikisano sizikhala ndi mabowo omangira mabawuti, choncho madigadi amenewa anali ongomangirira ku felemu ndi timalamba ta mphira. Munalinso pepala la zithunzi zosonyeza kamangidwe kake, koma Mphepo sanalitambasule n'komwe. Ankafuna abwerere ku shopu kuja dzuwa lisanapendeke kuti mtsikanayo akaone yekha. Anakoka lamba uku, kukoka uko, mphindi zisanu basi, n'kudumphira pa chishalo.

Asanafike patali anayamba kumva kaphokoso kumbuyo, tswii, tswii, tswii. Anati kasiya kokha. Potsetsereka pa chitunda anawonjezera liwiro. Madigadi a kumbuyo anatsetsereka pa felemu, kukhala pa tayala n'kuligwira gwa! Njinga inaterereka cham'mbali, ndipo Mphepo anapezeka ali khu m'mphepete mwa msewu, chigongono chitasupuka. Palibe anamuona. Zimenezo zinamupweteka kuposa chigongonocho. Anakhala pansi kanthawi, akumvetsera tayala lakutsogolo likuzungulira lokha mpaka kuima.

Anainyamula njingayo paphewa mpaka pa shedi ya malata ya bambo wina wokonza njinga. Bamboyo anali atakhala pa chitini chozondotsa, akumanga masipoko, magalasi ali pa nsonga ya mphuno.

"Madala, tandikonzereniko madigadiwa mwachangu. Ndikuthamangira."

Bamboyo anayang'ana madigadiwo, kuyang'ana chigongono, n'kubwerera ku masipoko ake. "Ndaona kumene kuthamangako kwakufikitsa. Wamanga ndani zimenezi?"

"Ndine."

"Umamanga utatsinzina? Masula zonse. Manja uli nawo, ine ndingokuuza."

Anamuponyera kansanza. Mphepo anafuna kuipidwa, koma panalibe kwina kopita. Anamasula timalamba tonse.

"Pukuta felemuyo pamene pakhale malamba. Mphira sagwira pa matope ndi mafuta. Ayi, pukutanso, ndikuonapo girisi ndili pompano."

Anapukuta mpaka utoto unawala. Kenako bamboyo anamuuza kuti aike madigadiwo pamwamba pa tayala osamangitsa kaye, miyendo iwiri ya madigadiwo ikhale pa msinkhu umodzi, wa kumanzere ndi wa kumanja. Pakati pa tayala ndi madigadi pankayenera kutsala mpata wolowa chala chaching'ono. Malamba ankayenera kukokedwa bowo limodzi uku, bowo limodzi uko, mosinthanasinthana.

"Tsopano nyamula kumbuyoko uzunguze tayala. Usayang'ane, mvetsera."

Tswii, tswii.

"Madigadiwo apendekera kumanja. Masula."

Anamasula. Anamanganso. Anazunguza. Kachitatu, kachinayi. Thukuta linkadontha pa mphuno, dzuwa likupendeka, ndipo ankadziwa kuti ku shopu kuja ayamba kale kusesa tizidutswa ta nsalu kuti atseke. Kachisanu tayala linazungulira mwakachetechete, phee, ngati silikukhudza chilichonse. Mphepo anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Akutsogolo sanavute, chifukwa manja anali atazolowera.

Akutola jumbo kuti azipita, kanthu kena kanagwera pansi. Kanali kachidutswa ka pulasitiki kofewa, kotalika ngati chikhatho, kokulirapo chakumapeto.

"Nanga ako?" anafunsa bamboyo.

"Aaa, kameneka ndinakasiya dala. Kamaikidwa kumapeto kwa madigadi a kumbuyo, koma kakuoneka ngati mchira wa bakha. Kaipitsa njinga."

"Zoona, n'konyansa. Ndipo iweyo sukukafuna. Mmene wamangiramu, msana wako sudzaonanso matope." Bamboyo anakankhira magalasi m'mwamba. "Kamchirako n'ka munthu amene ali kumbuyo kwako. Popanda iko, madzi amadutsa pansi pa madigadi n'kukamumenya kumaso. Ngati umayenda wekha, kataye m'chitinimu."

Mphepo anakayang'ana kamchirako nthawi yaitali. Kenako anagwadanso pansi, kukalowetsa m'malo mwake mpaka kanalira kuti tha, n'kukagwedeza kuti aone ngati kagwira. Njinga ya achimwene ake inaoneka ngati bakha ndithu. Bamboyo anangopitiriza kumanga masipoko ake.

Usiku kunagwa mvula yambiri. M'mawa Mphepo sanapite pa thanki. Anakaima pa geti ya sukulu ya pulayimale, ana akumudutsa ndi mabuku m'majumbo, ena akuloza kamchira kaja n'kumaseka. Patapita nthawi jekete lofiira linatulukira pa kona. Mtsikanayo anamanga mabuleki, kutsitsa phazi, n'kuiyang'ana njingayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anayang'ananso chigongono chomata pulasitala.

"Mwamanga nokha?"

"Kasanu."

"Zikuoneka." Pakamwa pake panagwedera ngati akufuna kuseka, koma anadzigwira.

"Tsopano mukhoza kubisala kumbuyo kwanga," anatero Mphepo. "Ngakhale dontho limodzi silikufikani."

"Zimenezo tidzaziona tsiku lina. Lero kumbuyo mukhale inuyo."

Sanadikire yankho. Anapalasa, ndipo Mphepo anamutsatira. Njinga yakudayo inkayenda pang'onopang'ono moti miyendo ya Mphepo inkayabwa. Pa chithaphwi choyamba anamva kanthu kozizira kakumumenya pa chipumi. Pa chachiwiri, m'diso. Apa m'pamene anaona kuti madigadi a kumbuyo a njinga yakudayo anali othyoka, atatsala theka lokha. Madontho ankauluka mzere umodzi, kulunjika pa malaya ake, pa khosi, pa milomo. Analavula mchenga.

"Chemwali!" anakuwa. "Anunso akuponya!"

Mtsikanayo anacheuka, kuona nkhope yake ya madonthomadontho, n'kuseka mpaka njinga inayenda mokhotakhota.

"Anathyoka chaka chatha," anayankha. "Sindinawakonzetse. Kumbuyo kwanga sikuyenda munthu."

Kutsogolo msewu unali wotambasuka, wopanda galimoto, ndipo kungopalasa kawiri mwamphamvu akanamudutsa n'kukhala pouma. Mphepo anapukuta diso ndi phewa, kusintha giya kuika yopepuka, n'kukhalabe kumbuyoko mpaka kumsika.