Botolo la Pansi pa Tebulo

"Amayi, bwanji madzi amenewa mumawaopa chonchi?" anafunsa tsiku lina mwana wachisamba, akuonerera amayi ake akusungunula soda wopangira sopo.

"Si madzi awa, mwanangu, ndi moto wosafuka utsi. Otsala uzithira m'chigubu chofiira, utseke, ukweze pamwamba pa kabati. M'botolo la chakumwa ayi. Wamva?"

Linali banja la mtendere. Bambo anali telala, mayi ankapanga sopo kuseri kwa nyumba, ndipo mzime wawo, kamtsikana komwe kanali kasanayambe sukulu, kankangoti "achemwali, achemwali," kakulondola mkulu wake paliponse.

Zinthu zinasintha mnyamata wina wokonza mafoni atayamba kuimba likhweru kumpanda. Wachisamba anayamba kugwira ntchito maso ali kuchipata.

"Mwana iwe, nzeru zako zili kuti masiku ano?" anadandaula amayi. "Zikombole zosatsuka, chigubu chosatseka. Ndikuuze kangati?"

"Ndamva, amayi," ankayankha, koma pakamwa pokha.

Masana ena amayi atapita kukasiya sopo kumagolosale, likhweru linalira.

"Tiye, iwe! Kapena unakwatiwa ndi sopo?" anaseka mnyamatayo.

"Dikira ndikweze sodayu."

"Aa, ali ndi miyendo kuti athawa? Ungothira penapake, ukonza pobwera."

Chigubu chinali pamwamba, mpando wokwerapo uli m'chipinda china. Botolo la chakumwa lopanda kanthu linali pafupi. Anathiramo, nalikankhira pansi pa tebulo.

Pobwerera anapeza anthu ali mbwee pakhomo. Mzime anali m'manja mwa bambo, milomo itatupa, dovu likuchucha, kulira kwake kosatuluka mawu. Mayi woyandikana nawo nyumba, pofuna kuthandiza, anali atamusanzitsa kale.

"Mwana akamwa zoterezi osamusanzitsa," anatero dokotala mofatsa atafika naye kuchipatala. "Zimawotcha polowa, n'kuwotchanso potuluka."

Zilonda za m'kamwa zinapola ndipo anabwerera kunyumba akuyesa zatha. Patapita milungu ingapo mwana anayamba kubweza chakudya, kenako phala, kenako ngakhale madzi. Anaonda mpaka nthiti kuonekera.

"Zipsera zapanikiza njira yodutsa chakudya," anafotokoza dokotala. "Tizimugoneka ndi mankhwala, n'kulowetsa kachubu kotanulira njirayo pang'onopang'ono. Si za kamodzi ayi. Mwina miyezi, mwina zaka. Pakadali pano azidyera m'kapaipi ka pamimba."

Wokonza mafoni uja sanaonekenso. Amayi sanakalipe ngakhale liwu limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kunamuwawa wachisamba kuposa mkwapulo. Kuchipatalako iye ndiye ankagona pansi pambali pa bedi, ndiye ankagwira kambale kolavuliramo. Chakudya chake ankakadyera kuseri kwa wodi kuti mng'ono wake asaone. Mayi wokolopa atazindikira, ankangomusiyirako kampando.

"Achemwali," ananong'ona mzime tsiku lina, "mukununkhira nthochi. Paja imakoma bwanji? Ine ndaiwala."

Wachisamba anatuluka, nakagwada pamapazi pa amayi ake m'khonde.

"Amayi, botolo lija..."

"Ndikudziwa. Dzuka, mwanangu. Misozi siitanula kum'mero. Mng'ono wako akamapita kukagonekedwa amafuna dzanja lako, osati langa."

Anapita naye kukatanulidwa, njira n'kutsekekanso, n'kupita nayenso. Mmawa wina namwino anabwera ndi kapu ya phala lamadzimadzi.

"Tiyeseni lero. Pang'ono pokha."

Amayi analandira supuni, naiyang'ana, kenako anaipereka kwa wachisamba. Iye anaifikitsa pakamwa pa mwana. Onse anapenyetsetsa kakhosi kowondako. Kanagwedezeka. Anadikira. Phala silinabwerere.

"Onjezerani, achemwali."

Dokotala anati asafulumire kusangalala, njirayo ikhoza kupanikizikanso, ndipo mwanayo adzakula akubwerabwera kuchipatala.

Ananu, makolo akamati kweza pamwamba, kwezani. Mankhwala asalowe m'botolo la chakumwa ngakhale kwa kamphindi, ndipo mnzanu wokuuzani kuti mukonza pobwera sadzakhalapo pa tsiku la misozi. Ulesi wanu amaulipira ndi wina wosalakwa.

Wachisamba uja akubwezabe ngongole yake mpaka lero, supuni imodziimodzi.