Ndege Yapitirira ndi Amai!

Estina ankakhala ku Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Amai ake.

Amai anapita kukagwira ntchito ku Dubai. Chaka chathunthu chinali chitatha.

Tsiku lina m'mawa, foni ya Atate inalira. Anali Amai!

"Ndikukwera ndege tsopano," anatero Amai. "Ndifika lero."

Estina analumpha. Kenaka anayamba mafunso. Mwana ameneyu ndi mafunso, eee!

"Atate, ku Dubai n'kutali?"

"N'kutalitu, mwana wanga. Makilomita opitirira zikwi zisanu."

"Nanga ndege iyenda maola angati?"

"Maola seveni."

Estina anakanda mutu. Maola seveni? Kwa agogo ku Chipata ndi maola seveninso pa basi!

"Ndiye kuti Dubai ili ku Chipata?"

"Iyayi," Atate anaseka. "Ndege imathamanga koopsa. Siima panjira."

Siima panjira? Nanga anthu amagula kuti nthochi? Estina sanamvetse. Iye ankagulitsa tomato ndi Atate pamsewu. Zoimitsa galimoto ankazidziwa bwino. Basi imaima. Minibasi imaima. Ngakhale lole ya makala imaima. Umangokweza dzanja.

"Atate sakudziwa," anaganiza Estina. "Ndiimitsa ndine."

Masana anatenga chitenje chofiira. Anakwera pachulu chachitali. Anadikira. Dzuwa linawotcha. Anadikirabe.

Kenaka anamva kulira kumwamba. Guuuu! Ndege ija!

Estina anakupiza chitenje. Anakupiza, anakupiza.

"Imani! Imani! Amai atsikira pano!"

Ndege sinaime. Sinachepetse n'komwe liwiro. Inangopita, mpaka zii.

Mayo ine! Mtima wa Estina unawawa. Anathamangira kwa Atate akulira.

"Atate, ndege yapitirira ndi Amai! Sabweranso!"

Atate anamupukuta misozi. "Abwera. Ndege ili ndi siteshoni yake ku Lusaka. Akatsika, akwera minibasi."

"Adutse pakhomo pathu, kenaka abwerere m'mbuyo?"

"Inde."

"Ndiye ndege njopusa!"

Mutu wa Estina unazungulira. Ku Dubai n'kutali, koma maola seveni. Ku Chipata n'kufupi, koma maola seveni. Ndege imathamanga, koma sidziwa kuima. Aaa, zinthu zake!

Anakhala pansi pafupi ndi tomato. Maso onse ali pamsewu.

Minibasi yoyamba inaima. Munatsika bambo ndi nkhuku. Si Amai.

Minibasi yachiwiri inaima. Munatsika matumba a feteleza. Si Amai.

Dzuwa linapendeka. Estina anayambanso kuopa.

Minibasi yachitatu inaima. Munatsika chikwama chachikulu. Kenaka munatsika mwendo. Kenaka...

"Amai!"

Estina anathamanga. Anawakumbatira mwamphamvu. Koma mafunso sanathe ayi.

"Amai, bwanji simunagogode kuti mutsike? Bwanji simunauze kondakitala?"

Amai anaseka mpaka misozi. "Mu ndege sagogoda, mwana wanga."

"Nanga ine munandiona pachulu?"

"Ndinasuzumira pawindo. Ndinakufunafuna. Koma ndinaona mitambo yokhayokha."

Estina anagwetsa nkhope. Amai anagwada pafumbi pomwepo. Anamugwira masaya ndi manja awiri. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Dikira, usagwedezeke," anatero Amai. "Ndikukuona tsopano."