Mwana Wachisanu ndi Chiwiri

Pa maliro a bambo ake, Mlembi anazindikira kuti theka la anthu amene ankalira naye sankawadziwa. Ntchito yake inali yolemba milandu kukhoti, ndipo dzina losowa pa pepala linkamusowetsa mtendere. Choncho anatsegula tsamba la banja pa intaneti. Munthu aliyense anali ndi kabokosi kake: dzina, chaka chobadwa, chithunzi ngati chilipo, ndi kamzere kopita kwa makolo ake. Abale akutali ankatumiza zithunzi, ena n'kumadandaula kuti wawakalambitsa ndi zaka ziwiri.

Wodziwa za akale anatsala mmodzi yekha, azakhali ake, mlongo wa malemu bambo. Maso awo anali atasiya kuona, ndipo ankakhala m'nyumba yakale ya agogo ndi mpongozi wawo amene ankawasamalira. Mlembi anatenga tchuthi cha sabata. Masana ankakhala pambali pa bedi lawo, foni pa mpando ikujambula mawu, iwo akutchula mayina. Madzulo, atatsuka mbale kunyumba kwake, ankatsegula kompyuta, n'kuika zomvetsera m'makutu, n'kumalemba.

Madzulo oyamba anamva kaphokoso pansi pa mawu a azakhali, ngati munthu akupemphera monong'ona m'chipinda china. Anangoti ndi foni yotha.

Madzulo achiwiri anakweza mawuwo mpaka pamapeto. Kaphokoso kaja kanali mawu a munthu wamkazi, osasa, olankhula mosatsegula pakamwa kwenikweni. Sankabwereza zimene azakhali anena. Ankatsogola. Dzina lililonse linkayamba kumveka pansipansi, kenako azakhali n'kulitchula mokweza, ngati mwana wa sukulu amene mnzake akumunong'oneza. Mlembi anaitana mwamuna wake, n'kumupatsa zomvetserazo osamuuza kanthu. Mwamunayo anamvetsera pang'ono, n'kufunsa kuti mayi winayo ndi ndani. Koma m'chipinda muja anali awiri okha, ndipo mpongozi anali atapita kumsika.

Tsiku lachitatu anawafunsa azakhali kuti m'mimba mwa mayi awo anabadwa angati. Iwo anati asanu ndi mmodzi, kenako anatembenuzira mutu kukhoma n'kukhala chete nthawi yaitali. Madzulo, pomvetsera, Mlembi anafika pamalo a chetepo. Panamveka kupuma, kenako kukanda kwa zikhadabo pa pulasitala, kenako mawu aja, omveka bwino tsopano: "Asanu ndi awiri."

Anawonjezera kabokosi pa mzere wa bambo ake, n'kulembamo kuti dzina silikudziwika.

Kutacha, azakhali anakana tiyi. Thupi linatentha, kuchipatala anayeza magazi osapeza kanthu, ndipo pobwerera anakana kugonekedwa m'chipinda china chilichonse. Nkhani inafalikira m'banja. Ena ankati mwana wa malemu wadzutsa ogona ndi makina ake. Msuweni wina anaimba foni kulamula kuti tsambalo litsekedwe nkhalamba isanafere m'manja mwawo. Mpongozi anamunong'oneza pakhomo kuti apongozi ake asiya kugona, amangogugudza khoma pang'onopang'ono n'kudikira, ngati pali woti ayankhe.

Kuseri kwa khomalo kunali kachipinda kosungiramo katundu. Mlembi anapempha kiyi. Munalibe zenera, munali kabowo kokha m'mwamba, makina osokera adzimbiri ndi mipando yothyoka. Atakoka mipandoyo anaona kuti m'munsi mwa khoma pulasitala anali wokumbika timizeretimizere, pamene dzanja la munthu wogona pansi lingafike. Pachitseko panali zipsera za maloko awiri akale, onse akunja.

Dzuwa litalowa anakhala pa bedi la azakhali n'kuwauza zonse zimene anamva. Ankayembekeza kuti amukalipira. Iwo anafufuza dzanja lake n'kuligwira mwamphamvu.

"Iwenso wamumva?" ananong'ona. "Zaka zonsezi ine ndimati ndi m'mutu mwanga mokha."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Anali ndi mkulu wawo, woyamba kubadwa, wodwala khunyu. Bambo awo ankachita naye manyazi, ndiye ankamutsekera m'kachipindako alendo asamuone. Iye ankadziwa mayina a abale onse pongowamva kudzera m'khoma, ndipo usiku ankawaphunzitsa azakhali ngati nyimbo. Tsiku lina makolo atachoka, kiyi anamusiya ndi azakhali, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kuti azikamupatsa madzi. Iwo anapita kukasewera. Pobwera anamupeza atagwa chafufumimba, atazizira kale. Anamuika mwakachetechete, ndipo bambo awo analamula kuti dzinalo lisamvekenso m'nyumbamo.

Mlembi anatulutsa cholembera, n'kuwapempha kuti alitchule, alilembe pamalo pake, mwina mitima ipume. Milomo ya azakhali inagwedezeka, koma sipanatuluke kanthu. Misozi inatsikira m'makutu.

"Ndaiwala, mwana wanga. Ndinalibisa mpaka landitayika. Mufunse yekha."

Mlembi anatsamiritsa foni kukhoma, ikujambula mawu. Anafunsa mwaulemu, monga amafunsira mboni, kuti dzina lanu ndani, mayi. Anadikira mphindi khumi. M'chipindamo simunamveke china koma kupuma kwa azakhali ndi malata akulira pozizira.

Kunyumba anamvetsera mwamuna wake ali pambali, magetsi onse oyatsa. Mphindi zisanu ndi zinayi zinadutsa zopanda kanthu. Kenako kukanda kuja kunayamba, kukuyandikira, mpaka kunamveka ngati chikhadabo chakhudza foniyo. Mawu aja anatchula dzina limodzi, kawiri, mofatsa. Linali dzina la Mlembi, laubatizo, limene ngakhale mwamuna wake sankamuitanira.

Sanalembe kanthu m'kabokosimo. Mamawa anathamangira kwa azakhali, n'kuwapeza atakhala tsonga, thupi litazizira, akumwa tiyi. Anawauza zimene anamva, n'kufunsa ngati limenelo linali dzina la mkulu wawo, kapena ngati mawuwo ankaitana iyeyo.

Azakhali analitchula dzinalo kangapo chapansipansi, ngati akulilawa, kenako anapukusa mutu. Anati amene analisankha ndi malemu bambo a Mlembi, okha, ndipo sanauze munthu chifukwa chake. Mwina malemuwo ankakumbukira dzina la mkulu wawo uja. Mwina ayi.

Anaika kapu pansi mosamala, n'kumukokera pafupi.

"Mpaka tidziwe," anatero, "ukalimva usiku, usayankhe."