Ululu Wobwereka

Tsiku limene makina otchedwa Mverano anafika kwa Chimbayo, pakhonde pa a Zakeyu panali a Zakeyu eni ake, Lekeleni mwana wa mlongo wawo, ndi namwino wachitsulo amene anatsika m'kandege kopanda woyendetsa. Amene panalibe ndi ana awo awiri, Witinesi ndi Fulaye. Witinesi anati ntchito yamupanikiza m'tauni, Fulaye anati mkazi wake ali ndi pakati. Koma onse awiri analonjeza pa foni kuti azidzasinthana ndi msuweni wawo. Lonjezo limeneli mulisunge.

Khate la a Zakeyu linatha kalekale. Zaka zimenezo mankhwala ake anali jakisoni mmodzi basi. Chokhacho, mankhwala amapha matenda, sadzutsa mitsempha yakufa. Mapazi awo anali ngati zitsa, ndipo pansi pa lamanja panali chilonda chakuya chimene chinaona mvula zambiri osapola. Munthu womva ululu amatsimphina, chilonda n'kupuma. Iwo ankachiponda ngati msilikali.

“Chikapanda kutsekeka mvula isanagwe, matope alowamo ndipo phazi lidulidwa,” anatero namwino wachitsulo ndi mawu ake ozizira. “Mverano ndiye angalipulumutse.”

Anatulutsa sokosi yopyapyala ngati khungu limene njoka yafundula, n'kuwaveka a Zakeyu. Kenako anatulutsa kamkanda kakuda. Anafotokoza kuti sokosiyo imamva zonse zimene phazi likanamva, n'kutumiza ku mkandawo. Mkanda amauika pansi pa khungu, pakakolo pa munthu wa mapazi amoyo. Ameneyo amatchedwa womvera. Wodwala akaponda molakwika, womvera ndiye amamva kuwawa, n'kumuchenjeza.

“Womvera asinthidwe mwezi ukaoneka. Asapitirire,” anatero namwinoyo.

Lekeleni anatambasula mwendo. Mayi ake atamwalira, malume akewa ndi amene anamulera, ndipo ngongole yotere sayikana. Mkanda utangolowa, anakuwa n'kugwira phazi lake ndi manja awiri. Munali moto, moto weniweni, pomwe pakhungu panalibe ngakhale kabala.

“Malume! Mwakhala mukuyenda ndi zimenezi?”

“Zimene ziti, mwanawe?” anafunsa a Zakeyu, akuyang'ana phazi lawo ngati la mlendo.

Lekeleni ankagulitsa tomato pamsika. Nthawi zina ali mkati moyeza mulu ankangodumpha, tomato mbwee pansi. Nachuma, mnzake wa benchi loyandikana, ankaseka mpaka kutsamira mzati.

“Madala athawiranso kudimba eti? Iwetu wasanduka belu la mbuzi!”

Lekeleni ankaimba foni uku akukukuta mano. “Malume, pepanitu, kodi muli kuti?”

“Pamphasa.”

“Mphasa yake ili ndi ziputu?”

“Aa, iwe ndiwe mfiti,” ankatero a Zakeyu, n'kubwerera kunyumba akung'ung'udza.

Chilonda chinayamba kuuma m'mbali. Mafinya anachepa. Mwezi unaoneka, Witinesi anati abwera mwezi winawo, ndipo anatumiza shuga. Fulaye anati mwana wabadwa, munthu wa khanda sangamakuwe pakati pa nyumba. Mwezi winawo unaoneka, foni ya Witinesi inkangolira. Namwino wachitsulo ankafunsa pa foni kuti, “Womvera wasinthidwa?” Lekeleni ankayankha kuti, “Akubwera.” Zamanyazi za pabanja sauza mlendo, ngakhale mlendoyo akhale wachitsulo.

Tsiku lina kutatentha kwambiri, Lekeleni anafika pamsika atasenza dengu. Nachuma sanaseke.

“Asisi, taimani. Tayang'anani kumbuyo.”

Panali madontho a magazi kuchokera pamsewu, kudutsa pa ogulitsa makala, mpaka pamene anaima. Lekeleni anatula dengu, n'kukweza phazi lamanja. Msomali wadzimbiri unali utaboola patapata n'kulowa m'chidendene. Anauyang'ana. Anaugwira n'kuugwedeza. Sanamve kanthu.

Ayi, tinene zoona, chinalipo chimene ankamva. Ankamva kuyabwa kwa chilonda cha malume ake, ndi ntchentche imene inkayenda pa sokosi yawo kumudzi kuja. Phazi la malume linali m'thupi mwake lonse lathunthu. Lakelake linali litachoka.

Anadzitsina chala. Zii. Anatsina cha phazi linalo. Zii. Anatembenukira kwa mnzake.

“Nachuma, ndiponde.”

“Aa, iwe!”

“Ndiponde, ndati!”

Nachuma anamuponda mwamphamvu. Lekeleni anangoona ndi maso. Pamenepo amayi a pamsika anayamba kusendera kutali, wina akukoka mwana wake, ndipo liwu limene anthu analiiwala linamveka monong'ona: wapatsidwa khate.

Namwino wachitsulo anafika masana omwewo, anthu akuyang'ana kandege kakutera pabwalo la a Zakeyu. Anazula msomali, natsuka bala, kenako anayendetsa kasingano pansi pa mapazi a Lekeleni.

“Si khate,” anatero. “Mutu wa munthu uli ngati mayi wa ana awiri. Amathamangira amene akulira kwambiri. Mutu wanu wakhala nthawi yaitali ukumvera phazi la wina, ndiye waiwala anu. N'chifukwa chake tinati musinthane.”

“Abwerera?”

“Tikachotsa mkanda lero, mwina. Tikachedwa, sindikudziwa. Palibe amene anapitirirapo chonchi.”

“Nanga malume?”

“Chilonda chatsala pang'ono. Akachiponda popanda wowachenjeza, ching'ambika, ndipo phazi lipita.”

Lekeleni anaimbira Fulaye. Fulaye atamva za msomali anati, “Ndiye mukufuna nanenso ndife mapazi? Ine ndimayendetsa njinga ya kabaza, asisi.” Foni ya Witinesi inayankhidwa ndi makina.

A Zakeyu anali atamva zonse. Anawerama, n'kuyamba kuvula sokosi ija ndi zala zawo zopinimbira.

“Malume, musatero! Akudulani!”

“Chotsani mkandawo,” a Zakeyu anauza namwino. “Mlongo wanga anandisiyira mwana wa mapazi awiri. Ndikamuuza chiyani?”

“Mukaponda pansi...”

“Sindiponda. Iwe chitsulo, wamva? Sindiponda.”

Namwino anachotsa mkanda, ndipo a Zakeyu sanaponde. Munthu amene ankathawira kudimba ngati mbuzi yodula chingwe anakhala pamphasa, phazi lili pampando. Kuchimbudzi ankapita chokwawa ndi mawondo. Mvula inagwa, anzawo anabzala, dimba lawo linamera udzu iwo akuliona. Analira, koma sanaponde, ndipo matope sanachipeze chilonda. Chimanga cha anthu chikumasula, chilonda chinatsekeka.

Lekeleni ankadzuka m'mawa uliwonse n'kudzibaya ndi munga. Phazi lamanzere linadzuka pang'onopang'ono, kuyamba ndi dzanzi, kenako kuwawa. Tsiku limene anamva munga analulutira ngati pa ukwati. Lamanja, limene linali ndi mkanda, silinayankhe. Ndipo bala la msomali lija, m'malo mopola, linayamba kukula, chifukwa mwini wake ankaliponda osadziwa.

Namwino wachitsulo atabweranso, analiyang'ana balalo, n'kutsegula bokosi lake. Anatulutsa sokosi yopyapyala ndi kamkanda kakuda.

“Womvera wanu ndani?”

“Ine,” anatero a Zakeyu msangamsanga, atatambasula mwendo.

“Womvera akhale wa mapazi amoyo.”

A Zakeyu anabweza mwendo wawo pang'onopang'ono. Lekeleni anayang'ana mkanda uja m'dzanja lachitsulo, ndipo thupi lake lonse linanjenjemera, kupatula phazi limodzi.

“Bwezerani m'bokosi,” anatero. “Ululu wanga sindibwereketsa munthu.”

Lero dzuwa likapendeka Lekeleni amakhala pakhonde ndi beseni la madzi, malume ake atagwira kagalasi pansi pa phazi lake, akuyang'ana mng'alu uliwonse. Akaona kufiira amakuwa ngati aona njoka. Chilondacho chikuchepa, koma mwaulesi, ndipo mitambo yayambanso kusonkhana. Namwino ananena kale zimene zimachitika mvula ikachipeza chili chotsegula.

Tsono ngongole zotsala ndi izi. Lekeleni anabweza zonse za kuleredwa, n'kupitirira. Witinesi ali ndi mwezi wake umene sanasenze. Shuga salipira zimenezo. Fulaye ali ndi wake. A Zakeyu ali ndi phazi lathunthu la mwana wa mlongo wawo, ndipo alibe chobwezera. Eni makina sanabwere kudzapepesa, akuti anachenjeza. Mbale ya mchere imabwerera kwa mwini wake, khasu limabwerera, koma kumva kukapita kwa mnansi, sikudziwa njira yakwawo.