Madontho Ofiira Pansi pa Bedi

Mtembo unali m'dzenje la zimbudzi kuseri kwa wodi yatsopano ya amayi oyembekezera, dzenje lomwe omanga anakumba n'kuiwala kulitseka. Anauona ndi mlonda, Lachinayi dzuwa likutuluka, pomwe ankapita kukataya madzi asanaweruke.

Inisipekitala anafika 7 koloko itangokwana. Anali mayi wa imvi m'mbalimu ndi bondo lovuta, ndipo kupolisi ankamutchula Nalimata chifukwa akamamatira mlandu sagwa ngakhale mugwedeze khoma. Anatsika pamakwerero akudandaula pa sitepe iliyonse.

Malemuwo panalibe wosawadziwa. Anali mphunzitsi wopuma, wapampando wa komiti ya nzika yolondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama za chitukuko. Kukhonsolo ankawatchula a Mafunso, ndipo silinali dzina lachikondi. Anali ndi bala limodzi lakuya kunkhongo. Foni inalipo, wotchi inalipo. M'thumba la jekete munali kabotolo ka kyutekisi wofiira, utoto uja amayi amapaka m'zikhadabo, kopanda chitsekerero, katatayikira m'thumbamo.

Sajeni, yemwe anaima pamwamba, anaseka chamumtima.

"Bwana, apa zadziwika. Madalawa anali ndi kachibwenzi kamseri."

"Chitsekerero chili kuti?"

"Mwina chinagwa."

"Ndiye tsika udzachipeze."

Anasefa dothi lonse la m'dzenjemo, koma sichinapezeke.

Wodiyo inali yokhoma, ndipo anachita kuthyola loko. Mkati munalibe kanthu: makoma oyera, fungo la penti, fumbi la simenti pansi. Nalimata anaima pakhomo n'kuletsa aliyense kulowa. M'fumbimo munali tinjira ta mateyala ang'onoang'ono, tolowa n'kutulukanso. Pafupi ndi windo lakumapeto panali malo amodzi okolopedwa bwino, ngati kuti wokolopayo anatopa atangoyamba.

"Mabedi a muno ali kuti?" anafunsa mlonda.

"Ine ndimalowa ntchito mdima utagwa, bwana. Chiyambire kugona pano, ndikuti kulondera pano, bedi sindinalionepo."

Sabata imeneyo aphungu a komiti yoona za ndalama za boma ankayendera mawodi anayi atsopano omwe khonsolo inati yamanga n'kuikamo zipangizo. Anabwera chifukwa a Mafunso anawavutitsa mpaka kutopa nawo. Anaona wodi yoyamba Lolemba, yachiwiri Lachiwiri, iyi Lachitatu. Yomaliza inali ya Lachisanu, kenako asaine kuti zonse zili bwino n'kubwerera kulikulu.

Wowaperekeza anali mkulu wa zogulagula kukhonsolo. Anthu ankamuti Zatheka, poti ndilo linali yankho lake pa funso lililonse. Nalimata anamupeza muofesi yozizira ngati mochale, atavala suti ya buluu, mesenjala akumuikira chikwama patebulo.

"Tataya munthu wofunika," anatero Zatheka. "Tinkakangana, inde, koma pa ntchito basi."

"Munawaona komaliza liti?"

"Dzulo aphungu akukwera magalimoto. Kuchoka apo sitinalankhulanenso."

"Wodi ija ilibe bedi ndi limodzi lomwe."

"Timasunga kusitolo yathu mpaka tsiku lotsegulira. Akuba, mayi. Inu mukuwadziwa kuposa ine."

"Ndingakaone kusitoloko?"

"Zatheka. Kungoti wosunga makiyi wapita kumaliro." Anakonza tayi. "Sindifuna kuipitsa mbiri ya malemu, koma dzulo ndinaona akazi awo pageti. Nkhope imene ija sinali ya munthu wodzaona chitukuko."

Pofika masana Sajeni anali atawabweretsa kale mayiwo. Aneba atatu anamva mkangano Lachitatu m'mawa, ndipo onse anabwereza mawu amodzimodzi: "Lero ndikupezani naye, ndipo wina afa." Kabotolo kaja kanali katapita kwa oyeza zidindo za zala, koma mbiri yake inali itafika kale mumsika.

M'chipinda chofunsira mafunso munali tebulo, mipando iwiri ndi windo losatseguka. Mayiwo anakhala atafumbata mpango, maso ali gwa.

"Mawu amenewo munanenadi?"

"Ndinanena."

"Chifukwa?"

"Lolemba ndikuchapa malaya awo ndinapeza kyutekisi pamkono. Lachiwiri ndinamupezanso pa kansalu kopukutira thukuta. Ine sindipaka zimenezo, onani." Anatambasula zala zong'aluka ndi sopo. "Nditawafunsa anangoti, 'Dikira Lachisanu, udzamva.' Mwamuna wa zaka zimene zija kundiuza kuti ndidikire Lachisanu!"

"Ndiye munawatsatira."

"Ndinawatsatira. Ndinasuzumira pawindo."

"Munaona mkazi?"

"Ayi. Ndinaona mabwana akuwomba m'manja. Amuna anga anali m'mbuyo okha, akugwada pa bedi lililonse ngati akulipempherera. Ndinachita manyazi, ndinabwerera kunyumba. Ndinaphika, ndinadikira." Anafinya mpango uja. "Mawu omaliza amene anamva kwa ine ndi amenewo, mayi. Mundimange, musandimange, amenewo sadzandichoka."

Madzulo mkulu wa polisi anamuitana Nalimata. Sanamupatse mpando.

"Muli ndi mboni zitatu, muli ndi nsanje, muli ndi munthu amene anamuona pageti. Mukufunanso chiyani? Mawa 2 koloko mayiyo akaonekere kukhoti."

"Sanaphe ndi iwo, bwana."

"Umboni?"

"Ndilibe."

"Aphungu ali m'tauni muno. Sindikufuna apolisi anga azikasokoneza pamene alendo akugwira ntchito. Mwamva?"

Anamva, ndipo anadziwanso kuti lamya inali italira kuchokera kwinakwake kumwamba. Mtima unamuwawa. Mlandu wakupha ulibe belo yachangu, ndipo mayi amene uja akangolowa kundende, adzatuluka tsitsi litayera lonse, ngati adzatuluke n'komwe. Chomwe chinkamuzunguza mutu chinali chimodzi: munthu wamkulu, wa mawondo ngati akewa, amagwadiranji pa bedi?

Lachisanu m'mawa anauza Sajeni kuti ayendetse galimoto kupita ku wodi yachinayi.

"Bwana anatiletsa," anatero Sajeni.

"Anatiletsa kusokoneza. Ife tikukaona chitukuko."

Anafika 9 koloko, kutatsala ola limodzi kuti aphungu afike. Pakhomo panali riboni ndi mipando ya pulasitiki. Kuseri, pansi pa mtengo, dalaivala wa lole ya khonsolo ankatsuka matayala. Ataona chitupa cha polisi anagwetsa ndowa.

"Lachitatu madzulo munanyamula chiyani?"

"Katundu wa boma, bwana."

"Munakamutsitsa kusitolo?"

Dalaivala anayang'ana kuwodi, kenako pansi. "Ine ndimapita kumene ndauzidwa."

"Pali mayi amene akukalowa kundende lero chifukwa cha kukhala chete kwanuko. Ndani anakweza mabedi?"

"Masiku onse timakweza ndife, ine ndi anyamata. Koma Lachitatu bwana anatituma kukamwetsa mafuta. Pobwera tinapeza atatulutsa okha mabedi onse pakhonde, wodi atakhoma, thukuta lili kamukamu." Anatola ndowa ija. "Tinadabwa. Bwana aja ngakhale chikwama chawo sanyamula."

Wodi yachinayi inali yokongola ngati chithunzi cha pakalendala. Mabedi anandandalikidwa mbali zonse, nsalu zoyera zili thabwa, sikelo ya makanda ili pakona. Nalimata anapatsa Sajeni chikwama chake, anagwira chitsulo cha bedi loyamba, nagwada. Bondo linalira. Anagona chagada n'kudzikokera pansi pa bedilo.

Pa chitsulo chapakati panali kachigamba ka penti wotuwa. Anakakhudza ndipo chala chinamata. Anatulutsa kiyi wa kunyumba kwake n'kukanda pang'onopang'ono. Pansi pa pentiyo panatuluka dontho lofiira, kenako lachiwiri, kenako lachitatu, ali pamzere.

Bedi lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

Panja magalimoto anaima. Kunamveka nsapato zambiri ndi mawu a Zatheka akufotokoza za mabedi amakono ochokera kunja. Gululo litalowa linangoona miyendo iwiri ya mayi wachikulire itatulukira pansi pa bedi.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa wapampando wa aphungu.

"Apolisi, olemekezeka," anayankha Nalimata ali pansi pomwepo. "Pepani, ndikupempha mmodzi wa inu agwade. N'zovuta, koma a Mafunso ankatha."

Phungu wina wachitsikana anavula nsapato zazitali n'kugwada. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Madontho atatu," anatero.

"Limodzi la Lolemba," anatero Nalimata, "lina la Lachiwiri, lina la Lachitatu. Mabedi amene mwakhala mukuwombera m'manja sabata yonseyi ndi omwewa. Amagona m'lole, n'kukutsogolerani."

Zatheka anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mnzake.

"Zizindikiro za kufakitale zimenezo."

"Ndiye munazipakiranji penti? Sajeni, tembenuza matiresi onse."

Anayi oyamba analibe kanthu. Achisanu, kunsi kwake, anali ndi banga lalikulu lakuda lomwe wina anayesa kulipukuta. Pakati pa mawaya a bedilo panakanirira kachitsekerero kakuda, kaburashi kake katauma ndi utoto wofiira. Chitsulo chopukusira bedi kuti lidzuke kumutu chinalipo pa mabedi ena onse, kupatula limeneli.

Anamulowetsa Zatheka m'kachipinda ka anamwino, momwe munalibe ngakhale shelefu. Sajeni anaima pachitseko.

"Tambasulani manja, bwana."

M'mbali mwa chikhadabo cha chala chachikulu munali penti wotuwa.

"Munandiuza kuti aphungu atachoka simunalankhulane nawo," anatero Nalimata. "Akazi awo enieniwo sankadziwa za madonthowa. Inu anakuuzani ndani kuti muyang'ane pansi pa bedi?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma Zatheka anakhala pansi pa simenti, suti ya buluu ili apo, n'kuyamba.

"Anabwerera. Anati waiwala chipewa. Anandipeza ndikudikira lole, n'kundigwira dzanja ngati mwana wa sukulu, kundionetsa madonthowo. Anati Lachisanu adzagwaditsa aphungu onse."

"Ndiye?"

"Lole itafika, ndinatuma anyamata kumafuta kuti tikambirane ngati akuluakulu. Ndinamuuza kuti atchule chimene akufuna. Nyumba yake ikudontha, ndikudziwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwana wake wamkazi anafera pa simenti chaka chatha akubereka, chipatala chakale chilibe bedi lomugonekapo. Anati, 'Undipatsa zingati za ameneyo?' Kenako anagwadanso kuti amalize bedi lomwe analidumpha masana." Anapukuta kumaso. "Chitsulo chinali pomwepo. Sindinaganize."

"Koma kukolopa munaganiza. Kuloza akazi awo munaganizanso."

"Mayi, ndalama zinali za mawodi anayi, zinagula za wodi imodzi. Mukuganiza kuti zotsalazo ndinadya ndekha? Zikanaululika, amene ali pamwamba panga akanandipereka ine. Khoswe wa pamkhate sapheka, amafa ndi wapansi."

"Muwatchula onse, mmodzimmodzi, aphungu akumva. Mkhatewo tiona ngati suswekadi."

Sajeni anamuveka unyolo. Podutsa m'wodimo palibe anamuyang'ana kumaso. Aphungu onse, ndi wapampando yemwe, anali chogwada, aliyense pansi pa bedi lake.

Nalimata anafika kupolisi 1 koloko itadutsa, galimoto ya kukhoti ikulira kale pabwalo. Mkulu wa polisi anamvetsera ali chiimire, kenako anakalowa muofesi n'kutseka chitseko. Mayi aja anawatsitsa m'galimotomo n'kuwabweza m'chipinda chija cha windo losatseguka.

"Mukupita kwanu, mayi. Amuna anu analibe mkazi wina."

Anawafotokozera zonse, kenako anaika patebulo kabotolo kaja, kali m'pepala la pulasitiki, katangobwera kuchokera kwa oyeza. Pakhosi pake panali kaulusi kachikasu komangidwa mfundo ziwiri.

Mayiwo anakayang'ana osakagwira.

"Aka n'ka mwana wanga. Ankamanga kaulusi kuti anzake asamutengere. Kanali m'chikwama chimene tinabwera nacho kuchipatala, ine sindinachitsegulepo." Anaika dzanja pakamwa. "Anakatenga m'chikwama cha mwana wathu, ine n'kumawatukwana."

Nalimata, yemwe anaona mitembo yambiri osagwetsa msozi, anayang'ana kukhoma.

"Ndingakatenge?"

"Mlandu ukatha ndidzabweretsa ndekha."

Mayiwo anagwedeza mutu, anakonza mpango, naimirira. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Lero ndi Lachisanu, eti?"

"Lachisanu, mayi."

"Anati ndidzamva."