Chimera cha Dzanja Limodzi

Ku Lifidzi kuli mtsikana wina, dzina lake Cacilda. Cacilda ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna thobwa lotsekemera.

Bambo ake anamwalira chaka chatha. Anasiya munda wa mbatatesi. Mbatatesi zinakhwima, koma mvula inabwera msanga. Zikanakhalitsa m'nthaka, zikanawola.

Mayi ake anamema dima. Pa dima, anthu amabwera kudzathandiza kumunda. Salipidwa kanthu. Amangomwa thobwa. Popanda thobwa, palibe dima.

Tsono khanda la m'nyumbamo, Cláudio, linatentha thupi. Mayi analibereka kumbuyo, ulendo wa kuchipatala.

"Dima ndi mawa, mwanangu," anatero mayi. "Uphike phala. Chimera chili m'lichero."

Cacilda anaphika phala mumphika waukulu. Phala likadali kubwata, anathira chimera. Anathira pafupifupi chonse.

Anadikira. Analawa. Phala linali lolimba, losatsekemera.

Anadikiranso. Analawanso. Ayi ndithu.

M'lichero munatsala chimera cha dzanja limodzi. Cacilda anakhala pansi. Misozi inagwera pamaondo.

Panjira panadutsa a Laurinda, apulofesora ake omuphunzitsa kusukulu. Anatsika panjinga.

"Iwe, mpando wako wakhala wokha lero kusukulu," anatero. "Kwagwanji?"

"Ndaononga thobwa, apulofesora. Mbatatesi za abambo ziwola."

A Laurinda anasuzumira mumphika. Anayang'ana m'lichero.

"Pukuta maso. Tenga makopo awiri, tiyese kanthu."

Cacilda anathira phala m'makopo awiriwo. Analipepesa mpaka linangofunda. Mu kopo imodzi anawaza chimera, kongotsina ndi zala. Mu kopo inayo sanawaze kanthu.

Anakhala pakhonde. Anadikira pang'ono.

"Takasa tione," anatero a Laurinda.

Phala lopanda chimera linali lolimbabe. Phala la chimera linali litasungunuka. Cacilda analawa.

"Likutsekemera," ananong'ona.

"M'chimera muli kanthu kosaoneka ndi maso," anatero a Laurinda. "Kamaduladula phala, n'kulisandutsa shuga. Palokha phala lingachedwe kwambiri. Iko kamafulumizitsa. Dzina lake ndi katalizadori."

"Nanga chimera changa chija?"

"Unachithira phala likubwata. Moto umakapha kanthuko."

Cacilda anayang'ana mphika. Anayang'ana lichero.

"Mphika ndi waukulu. Chimera ndi chochepa. Sichikwana."

"Kodi khasu likalima mzere umodzi, limatha?"

"Ayi. Limalima mzere wina."

"Nakonso n'chimodzimodzi. Sikatha. Kakadula apa, kapita apo. Kakadula apo, kapita uko. Ungokapatsa nthawi."

Cacilda anasamba m'manja. Anapisa chala mumphika. Phala linali lofunda, losawotcha. Anathira chimera chija, dzanja limodzi lokhalo. Anatakasa. Anavundikira.

M'mawa anavundukula. Phala linali litasungunuka lonse. Analiwiritsanso, monga ankachitira mayi ake.

Anthu anafika ndi makasu. Patsogolo panali a Policarpo, anzawo a malemu bambo ake.

"Ati waphika ndiwe?" anafunsa. "Ndiyambe ndalawa, ndisanavule nsapato."

Anamwa. Kenako anavula nsapato, n'kunyamula khasu.

Anthu anakumba. Anamwa. Anakumbanso. Mbatatesi zinatuluka zoyera, zolimba. Matumba anadzaza.

Dzuwa litapendeka, mayi anatulukira panjira. Cláudio anali mtulo kumbuyo. Cacilda anathamanga. Anamugwira pachipumi. Thupi linali litazizira.

Mayi anaona matumba. Cacilda anawapatsa thobwa.

Mayi analawa.

"Shuga wamutenga kuti, mwanangu?"

"Mulibe shuga, amayi. Ndi chimera chokha."

Mayi anakhala pathumba la mbatatesi. Anamukokera Cacilda pafupi. Anamwa thobwa lonse.

"Onjeza," anatero.